Mayi Halo ndi Alamu Yopanda Waya

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi m'kachipinda kopanda zenera pafakitale ina ya nsalu. Ntchito yawo inali yolumikiza mafoni. Kutsogolo kwawo kunkakhala bolodi lalikulu lodzaza mabowo ndi timagetsi. Kagetsi kakayaka, iwo ankati, "Halo, ndikupatseni ndani?" kenako n'kutenga chingwe, n'kuchisomeka pabowo la munthu wofunidwayo. Mawu amenewo anawakanirira. Mpaka lero mumsewu mwawo amadziwika kuti Mayi Halo, ndipo ana ena amayesa kuti ndi dzina la pachitupa.

Fakitaleyo itagula makina odzilumikizira okha, azakhali anapuma ntchito. Anakhazikika m'nyumba yawo ya zipinda zitatu, yomwe anamanga ndi malemu amuna awo, n'kumadzala maluwa m'matayala akale ndi kuweta mphaka mmodzi wonenepa ngati pilo. Ana awo ndi awiri. Wamkulu tonse timangoti Injiniya, ndipo ali kunja kwa dziko, kutali koti ife tikamadzuka iye amakhala asanagone n'komwe. Wamng'ono ndi Namwino. Amakhala m'tauni momwemo, koma akalowa pantchito foni amaitsekera m'kabati. Ndiye zambiri zimagwera ine, chifukwa sukulu yomwe ndimaphunzitsa ili pafupi ndipo ndimaweruka dzuwa likadalipo.

Azakhali sanali munthu wamantha. Ankadzitama kuti munthu amamudziwa ndi mawu okha. "Akangotsegula pakamwa," ankatero, "ndimadziwa ngati akufuna kupempha tchuthi kapena akufuna kunama."

Lachiwiri lina m'mawa, ali mkati mothirira maluwa, lole inaima pageti la nyumba yoyang'anizana ndi yawo. Munatsika amuna atatu ovala maovololo ofanana. Anatsegula geti, n'kuyamba kutulutsa katundu: mipando, wailesi yakanema, matiresi, makina osokera. Azakhali anawapatsa moni. Iwo anayankha mwaulemu, wina mpaka anavula chipewa. Filiji itakola pageti, azakhali ndi amene anakuwa ali tsidya la msewu, "Ipendeketseni pang'ono, mupalula utoto!" Poona kuti anthuwo atuluka thukuta, anawatengera madzi m'jagi, ndi makapu atatu pathireyi.

Eni nyumba atabwera kuchokera kuntchito madzulo, anapeza m'nyumba muli mbee. Ngakhale makatani munalibe. Wapolisi atafunsa ngati alipo anaona kanthu, azakhali anafotokoza zonse, ndi za jagi zomwe. Wapolisiyo anasiya kulemba, n'kuwayang'ana.

"Anali ndi mawu abwino," anatero azakhali. "Mawu a anthu oleredwa."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kutuluka. Kumsika ankatuma ine. Kukwaya, komwe sanajombepo zaka zonsezi, anatumiza uthenga woti akudwala mwendo. Ankakhala pampando wa pazenera la pabalaza ndi kope, akulemba nambala ya galimoto iliyonse yodutsa. Ndinaliona kopelo. Galimoto ya m'busa inalembedwamo kasanu ndi kamodzi, ndi chizindikiro chofunsa pambali pake.

Namwino ndi amene anayambitsa za alamu. Injiniya atamva, anaimba foni Lamlungu masana, ine ndilipo, ndipo azakhali anaika foniyo pathebulo kuti tonse timve.

"Amayi, mugule yopanda waya. Musalole munthu akubowolereni makoma."

"Yopanda waya? Nanga uthenga uziyenda pa chiyani?"

"Mumphepo, amayi. Ngati foni yanuyo."

"Foni yangayi ndikalowa nayo kubafa imasiya kumva."

"Imeneyo ndi nkhani ya netiweki, amayi, n'zosiyana."

"N'zosiyana, koma wati n'zofanana."

Injiniya anapumira m'mwamba, tonse tinamumva. Mlungu umenewo anatumiza zithunzi za ma alamu khumi ndi imodzi. Lolemba ankati yabwino ndi yoyera ija. Lachitatu anali atawerenga kuti yoyerayo ili ndi vuto, tigule yakuda. Lachisanu anatumiza ina yoti imalankhula. Namwino naye anali ndi zake: ankafuna ya kampani yomwe imatumiza galimoto ya alonda alamu ikalira. Bambo anga atamva anangoti, "Mlongo wangayu angogula galu basi." Azakhali anawafunsa ngati galuyo azigwirizana ndi mphaka wawo, ndipo za galu zinathera pomwepo.

Loweruka ndinawakakamiza kuti tipite kukaona ndi maso. Asanatuluke anayendera mazenera onse kawiri, anasiya wailesi ikulankhula, n'kuika nsapato za malemu pakhonde kuti anthu aziyesa muli mwamuna.

Sitolo yoyamba inali yowala ngati chipatala. Wogulitsa, bambo wa tayi yofiira, anatitsitsira mabokosi atatu pakauntala n'kuyamba kulankhula mosapumira. Iyi imafuna waifai. Iyi imafuna simukhadi. Iyi imafuna zonse ziwiri, china chikafa china chimadzuka. Aka ndi ka pachitseko. Aka ndi kadiso ka pakona, kamaona chilichonse choyenda. Iyi ili ndi kamera, mukhoza kuona pabalaza panu muli kumsika.

"Ndione pabalaza panga kuti chiyani?" anafunsa azakhali. "Ndimapadziwa."

"Kuti muone ngati mwalowa wakuba, mayi."

"Ndikamuona nditani? Ndili kumsika."

Bamboyo anaseka pang'ono, n'kutembenuza bokosi lina. Azakhali anatola kachinthu ka pachitseko kaja. Kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anakatembenuza uku ndi uku, akufunafuna bowo losomekapo chingwe, ndipo atalisowa anakagwedeza pafupi ndi khutu.

"Mulibe kanthu umu."

"Muli batire, mayi. Limakhala zaka ziwiri."

"Likatha?"

"Kamakuuzani."

"Kandiuza ndi mphamvu yanji, batire litatha?"

Apa ngakhale ine ndinayang'ana wogulitsayo, chifukwa funsolo linandilowa. Iye anati kamanena lisanathe. Azakhali anafunsa za mphaka. Anati kadiso kamasiyanitsa munthu ndi chiweto poyerekeza kulemera kwake. Azakhali anafuna kudziwa ngati kadisoko kali ndi sikelo. Anati ayi, kamaona kutentha kwa thupi. Ndiye anafunsa ngati kamaona kulemera kapena kutentha, asankhepo chimodzi. Bamboyo anamasula tayi pang'ono, n'kutipatsa timapepala tokongola kuti tikawerenge kunyumba.

Panja azakhali anaima pamthunzi wa khoma, akudzikupiza ndi timapepala tija.

"Iwe, wamvapo chiyani?"

"Ndamva kuti zilipo zitatu, azakhali."

"Ine ndamva zisanu ndi ziwiri."

Tinali titatsala pang'ono kubwerera pamene tinaona kashopu kena kumbuyo kwa malo okwerera basi, kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza nsapato. Munali mayi wina wamfupi, wovala ovololo ya buluu, pensulo ili kukhutu. Anali wamagetsi, ndipo ma alamu ankagulitsa n'kukaika yekha. Sanatitsitsire bokosi ngakhale limodzi. Anang'amba katoni, n'kupatsa azakhali pensulo ija.

"Tandijambulireni nyumba yanu, amayi. Zitseko zotulukira panja zilipo zingati?"

Azakhali anajambula mosamala, ndi maluwa omwe. Zitseko ziwiri, chakumaso ndi chakukhitchini. Mazenera onse ali ndi zitsulo. Intaneti m'nyumbamo mulibe, ndipo magetsi amathima akafuna.

"Ndiye za waifai ziiwaleni," anatero wamagetsi uja. "Kamera isiyeninso. Inu mukufunika tiwiri ta pazitseko, kadiso kamodzi pabalaza, lipenga panja, ndi bokosi lokhala ndi simukhadi ndi batire lakelake."

Azakhali anaika pensulo pansi. Kenako anafunsa funso lomwe ndikuganiza kuti linkawavuta kuyambira tsiku loyamba.

"Chabwino, yalira. Akuyankha ndani?"

"Bokosilo limaimba foni, amayi. Mumalipatsa manambala atatu. Limaimbira woyamba. Akapanda kuyankha, limaimbira wachiwiri. Akapanda, wachitatu. Likafika kumapeto limayambiranso."

Nkhope ya azakhali inasintha. Anakoka mpando n'kukhala.

"Limayambiranso lokha? Silitopa?"

"Silitopa."

"Silipita kukamwa tiyi?"

"Ayi, amayi."

"Ameneyo ndiye wantchito," anatero azakhali, akundiyang'ana. "Tinali ndi mtsikana wina kufakitale, kagetsi kankayaka mpaka kuzima iye ali kukantini."

Anasankha imeneyo. Za mphepo yonyamula uthenga sanazimvetse, ndipo ananena poyera kuti sakuzikhulupirira, koma chinthu choimba foni mpaka munthu ayankhe anachilemekeza.

Manambala atatu aja anatidyera mlungu wathunthu. Injiniya ankati ayambe iyeyo chifukwa ndi mwana woyamba. Namwino anamufunsa kuti akayankha adzakwera ndege yanji. Injiniya anati iye mwina n'kuyankha, kusiyana ndi anthu ena omwe foni yawo imakhala m'kabati. Anakangana mpaka analowetsamo nkhani ya njinga yomwe inasowa ali ana. Azakhali ankasinthasintha ndandanda m'kope muja, kufufuta ndi kulembanso. Tsiku lina ndinapeza atalemba nambala yawo yomwe pamwamba. Nditawafunsa anati, "Nyumba ndi yanga." Pamapeto pake woyamba ndinakhala ine, wachiwiri Namwino, wachitatu Injiniya, ndipo onse awiri anandikwiyira ngati ndinachita kupempha.

Wamagetsi anabwera Lachinayi ndi makwerero ake. Pasanathe maola awiri anali atamaliza. Azakhali ankamutsatira chipinda ndi chipinda, tsache lili m'manja kuti asese fumbi la khoma, koma fumbi silinagwe. Zonse ankangomata kapena kumanga ndi tizisikuluwu tiwiri.

"Basi?" anafunsa azakhali.

"Basi, amayi."

"Ndiye aka ka kukhitchini kakudziwa bwanji kuti bokosi lili m'kolido?"

"Ndawadziwanitsa."

Azakhali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

Chomaliza chinali kalimoti kokoloweka kumakiyi. Kanali ndi mabatani anayi, lililonse ndi chithunzi chake: loko wotseka, loko wotsegula, kanyumba, ndi belu. Wamagetsi anafotokoza mwachangu, chifukwa ankamudikira kwina. Nthawi imeneyo ine ndinali panja, ndikuyankha foni ya Injiniya yemwe ankafuna chithunzi cha bokosi. Azakhali magalasi awo anali atawasiya kuchipinda. Atafunsidwa ngati amva, anati, "Ndamva." Munthu amene ntchito yake inali kumva sakanavomera kuti china chamudutsa.

Masiku oyamba zinaoneka ngati zatheka. Azakhali anabwerera kumsika. Mwendo uja unachira, anabwerera kukwaya. Kope analiika m'dirowa. Ankayenda mumsewu makiyi ali m'manja, kalimoti kakulendewera kuti aliyense akaone.

Lolemba lotsatira, ndili mkati mophunzitsa masamu, foni yanga inayamba kunjenjemera m'thumba. Nditayankha ndinamva mawu a makina akuti chitseko chakukhitchini chatsegulidwa. Ndinasiya choko patebulo n'kuthamanga. Lipenga ndinalimvera kumsewu waukulu. Nditafika ndinapeza anthu adzaza pageti, wina atanyamula khasu, ndipo kuseri kwa nyumba azakhali ataima ndi beseni la zovala pamapazi, akudina mabatani onse motsatizana mpaka phokoso linaleka.

"Ndimangofuna kuyanika," anatero.

Tinati mwina ndi mphaka. Lachitatu inaliranso, mphaka ali mtulo pampando. Tinati mwina ndi buluzi wadutsa pakadiso. Lachisanu inalira azakhali akupita kukataya zinyalala, ndipo popeza ine ndinali pamsonkhano wa aphunzitsi, bokosi linaimbira Namwino, kenako linadzutsa Injiniya. Iye anatumiza uthenga wautali wonena kuti tikanagula yakuda ija.

Wamagetsi anabweranso. Anayesa chilichonse ndi limoti yake, zonse zinkayenda bwino.

"Mukamatuluka mumaiyatsa, amayi?"

"Ndimatsegula, inde. Sindiiwala."

"Mukabwera?"

"Ndimaiuza kuti ndabwera."

Wamagetsi anagwedeza mutu, n'kusintha kachinthu ka pachitseko chakukhitchini kuika katsopano. Mawa lake inaliranso. Anabwera kachitatu, anasuntha bokosi, anasintha batire, anachoka akudzikanda m'mutu ndi pensulo.

Azakhali anapeza njira yawo. Anaona kuti chitseko chakumaso sichiwavutitsa, ndiye chakukhitchini anachitseka n'kutsamiritsapo tebulo. Zovala, zinyalala, madzi otsukira mbale, zonse ankatulukira nazo kumaso n'kuzungulira nyumba. Ndinawapeza tsiku lina akuzungulira ndi ndowa, akupuma mwabefu.

"Azakhali, chitseko chanu chomwe mukuchiopa?"

"Sindikuchiopa. Sitikumvana basi."

Panatha milungu isanu zili choncho. Loweruka lina m'mawa ndinapita kuti tikagule limodzi nsalu ya makatani. Atavala nsapato, anaima m'kolido, anatulutsa makiyi, n'kudina batani. Bokosi linalira kawiri, pi pi. Ndinali pambali pawo, ndipo ndinaona pamene chala chinagwera.

"Azakhali, mwadina liti?"

"La loko wotsegula. Tiye msanga, imapereka nthawi yochepa."

"Bwanji lotsegula?"

Anandiyang'ana ngati ndine mwana wobwereza kalasi.

"Wailesi ukafuna ilankhule umatani?"

"Ndimatsegula."

"Mpopi ukafuna madzi?"

"Ndimatsegula."

"Ukafuna zileke?"

"Ndimatseka."

"Ndiye ukufunsa chiyani? Ndikutuluka, ndikufuna alamu igwire ntchito, ndaitsegula. Ndiitseke kuti igone, akuba alowe?"

"Nanga mukabwera?"

"Ndimadina kanyumba. Ndafika kunyumba."

Kunena zoona, ndinaima pamenepo mutu utazungulira. Zimene ankanena zinkamveka. Ndinatenga limoti ija, ndinayang'ana maloko awiriwo, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe kuti wolondola ndani. Ndinaimbira wamagetsi n'kumufotokozera. Kenako ndinamva akuuza munthu wina kuti atsitse wailesi.

"Tandipatseni amayiwo," anatero. Ndinakweza mawu a foni. "Amayi, loko wotseka ndiye kuyatsa alamu. Loko wotsegula ndi kuizimitsa."

"Kutseka ndiye kutsegula?"

"Lokoyo akuimira nyumba, amayi, osati alamu. Nyumba yatsekedwa, alamu ili maso."

"Nanga kanyumba?"

"Kanyumba n'ka nthawi imene mwalowa ndipo simutulukanso. Kadiso ka pabalaza kamagona kuti muziyenda momasuka, koma zitseko zimakhala maso. Mukatsegula chilichonse, imalira."

"Chakumaso sichimalira."

"Chifukwa musanatsegule mumayamba mwaizimitsa, amayi."

Ndinamva wamagetsi akulimbana ndi kuseka, mpaka kunamupambana.

"Pepani, amayi. Ndiye kuti milungu yonseyi mukachoka nyumba imatsala yokha. Alamu imalondera inuyo."

Azakhali anatuluka pang'onopang'ono n'kukhala pasitepe ya pakhonde, chikwama chili pamiyendo. Ndinakhala pambali pawo. Anayang'ana geti nthawi yaitali.

"Kukwaya ndapitako kasanu," anatero. "Kumsika sindiwerenga. Tsiku lija ndinakaona mdzukulu kwa Namwino ndinachoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Ndinkayenda mtima uli m'malo. Ndiye ukundiuza kuti chinthucho chinali mtulo?"

"Chinali mtulo, azakhali."

"Nanga akubawo bwanji sanabwere?"

Ankamveka ngati munthu amene wakonzera alendo koma alendowo osafika. Ndinati mwina anaona lipenga pakhoma. Mwinanso anamva mmene imalirira masiku onse aja, n'kuganiza kuti nyumba imeneyi si yoseweretsa.

"Ndiye yagwira ntchito kapena sinagwire?"

Iwo anatsegula chikwama, anatseka, anatsegulanso.

"Usamuuze Injiniya," anatero.

Nsalu ya makatani sitinakagule tsiku limenelo. Tinachotsa tebulo pachitseko chakukhitchini. Ndinadula tizidutswa ta pulasitala n'kumata pamabatani, kuphimba zithunzi zija. Pa loko wotseka ndinalemba kuti NDAPITA, pa wotsegula NDABWERA, pa kanyumba NDAGONA. Belu azakhali anati lisiyidwe, limamveka lokha. Anayeserera kasanu, kutuluka ndi kulowa, ine nditaima pageti ngati woyang'anira mayeso. Kasanu konseko anakhoza, ngakhale ankadina akung'ung'udza kuti amene anajambula malokowo sanafunse anthu.

Injiniya anamva ndithu, kudzera kwa Namwino, amene anamva kwa wometa tsitsi woyandikana ndi wamagetsi uja. Sanaseke. Anatumiza chithunzi cha alamu ina yatsopano yomwe imazindikira nkhope ya mwini nyumba, ndipo azakhali anandiuza kuti ndichifufute.

Papita chaka tsopano. Alamu ija sinalirenso yokha, ndipo chimenecho ndi chimene chikuwasowetsa mtendere. Ikakhala chete mlungu wathunthu, amayamba kuiyang'ana mokayikira akamadutsa m'kolido. Amati chinthu chopanda waya sungadziwe ngati chili chete chifukwa kuli mtendere kapena chifukwa chafa. Ndiye kamodzi pamwezi, nthawi zambiri Lachitatu cha m'ma teni, amadina NDAGONA, amatseka khutu limodzi ndi chala, n'kukankha chitseko chakukhitchini.

Anthu oyandikana nawo anazolowera, satulukanso ndi makasu. Ana a m'kalasi mwanga nawo amadziwa. Foni ikanjenjemera m'thumba, amasiya kulemba n'kundiyang'ana. Ndimatuluka pakhonde la kalasi, ndimamvetsera mawu a makina aja mpaka amalize, kenako ndimaimbira azakhali.

"Yakupeza?" amafunsa, akupuma mofulumira.

"Yandipeza, azakhali."

"Pakulira kachingati?"

"Kachiwiri."

"Mwezi watha unayankha koyamba. Uziika foni patebulo."